Sindinagwadire mwala wa Anti Hansa

Masitepe a nyumba imene tinkakhala ku Wembley ankanunkhira lubani. Fungolo linkatuluka pansi pa chitseko chobiriwira cha Anti Hansa n'kukwera mpaka kwathu, kumene linkakumana ndi la bulichi amene amayi ankakolopera pakhomo. M'mawa pankawonjezeka fungo la njere za mpiru zothetheka m'mafuta, ndipo panja eni mashopu ankakhala akutulutsa mabokosi a mango, therere ndi nzimbe zodula. Ndinali ndi zaka khumi chilimwe chimenecho. Kunatentha mpaka phula linkamata kunsi kwa nsapato.

Anti Hansa anali Mmwenye wobadwira ku Limbe. Bambo awo anali ndi sitolo ya nsalu cha ku Luchenza, ndipo iwo anachoka ku Malawi atangokwatiwa kumene. Pamene ndinkawadziwa anali okalamba, aafupi, olusa, ndi bondo limodzi lotupa. Chichewa chawo anachiphunzira kuseri kwa kauntala, choncho chinali chongolamula: bwera, tenga, fulumira. Munthu aliyense kwa iwo anali iwe, ngakhale amayi anga. Amayi ankati akamva "Esinati, iwe," ankaluma mlomo n'kupitirira. Analibe pothawira. Bambo anali atasamukira ku Romford ndi mkazi wina, amayi ankagwira mashifiti a masana kunyumba yosamalira okalamba, ndipo sukulu inali itatsekera milungu isanu ndi umodzi. M'mawa uliwonse ndinkatsika masitepe ndi kabokosi kanga ka chakudya kukaswera kwa Anti Hansa.

Chaka chimenecho ndinali nditasankhidwa kudzaimba ndekha ndime yoyamba pa msonkhano waukulu wa tchalitchi chathu kumapeto kwa Ogasiti. Ndinkayeserera paliponse, m'bafa, pamasitepe, potsuka mbale. Tsiku lina Anti Hansa anatseka mpope ndili pakati pa nyimbo.

"Iwe, mawu uli nawo," anatero, "koma umapuma ngati wathamangitsidwa ndi galu."

Anandikhazika pansi pa kapeti n'kukoka limba lawo, kabokosi kathabwa kamene ankapopa mpweya ndi dzanja lamanzere kwinaku lamanja likuyenda pa mabatani. Anagwira liwu limodzi n'kundiuza kuti ndilitsatire mpaka iwo atasiya. Ndinkathera panjira. Ankandimenya pamimba ndi kuseri kwa dzanja kuti mpweya uzichokera m'menemo, osati pakhosi. Sanandiyamikirepo ngakhale kamodzi, koma masana alionse limba linkatuluka.

Lachinayi linali tsiku la kumtsinje. Kale mwana wawo ankawapititsa pa galimoto, koma anali atapeza ntchito ku Leicester. Tinkakulunga limba m'chinsalu chakale, n'kuliika m'kangolo kawo kogulira zinthu, ine n'kumakoka. Tinkakwera mabasi awiri, iwo akukalipira madalaivala m'chinenero chawo, mpaka kukatsika pafupi ndi mtsinje wa Thames. Kuchokera pamenepo tinkayenda m'kanjira ka miyala, kudutsa maboti akale omangirira, mpaka pa kadimba kakang'ono kozingidwa ndi mpanda wachitsulo. Pankanunkha matope ndi udzu wodula kumene. Ndege zopita ku bwalo zinkadutsa pansipansi, imodzi pambuyo pa inzake.

Pakati pa kadimbako panali mwala wakuda wondilekeza m'khosi, ndipo pamwamba pake anasemapo mutu ndi mapewa a munthu wovala nduwira, maso otsinzina, kukamwa kotsegula pang'ono. Anthu a kwawo kwa Anti Hansa ndi amene anauika. Anandiuza kuti munthuyo anakhalako zaka mazana angapo zapitazo ku India, kuti anali woyera mtima wa chipembedzo chawo cha Chihindu, ndipo ankapeka nyimbo zoimbira Mulungu. Ankapita kukaimba m'makomo mwa anthu amene ena ankanyansidwa ngakhale kuwakhudza, mpaka abale ake anamusala, koma iye sanasiye. Zimenezi anandifotokozera akupukuta zitosi za nkhunda pamphumi pa mwalawo ndi kansalu konyowa, akutukwana nkhundazo.

Pankabwera okalamba ena anayi. Onse ankavula nsapato pachipata, ndipo inenso ndinkavula chifukwa udzu unkazizira bwino. Ankaika maluwa achikasu patsinde pa mwala, kuyatsa lubani, kenako mmodzimmodzi ankagwada n'kugunditsa chipumi pansi. Tsiku loyamba ndinaima chilili, osadziwa choti ndichite ndi manja anga.

"Iwe usagwade," anatero Anti Hansa osandiyang'ana n'komwe. "Si za kwanu. Ungoimba."

Iwo ankatsogolera, ena n'kumavomera, monga mmene timachitira kwathu. Bambo wina wopanda mano ankagundanitsa tizitsulo tiwiri tolira ngati timabelu. Nyimbo inkayamba mwaulesi n'kumafulumira, kufulumira, mpaka manja ankawawa ndi kuomba. Mawu sindinkawamva, koma ndinawagwira Lachinayi lachiwiri lomwe. Pamene tinkayamba kuimba mtsinje unkakhala utaphwa, mbalame zikuyenda pamatope, ndipo pomaliza madzi ankakhala atabwerera chakumtunda n'kuphimba zonse. Ndinali ndisanaonepo mtsinje woyenda chobwerera. Tikatha ankagawa maswiti a mkaka amene anali atakhala patsogolo pa mwala nthawi yonseyo, ofunda ndi dzuwa. Ndinkadya awiri. Amayi akandifunsa madzulo, ndinkangoti tinapita kumtsinje.

Tchalitchi chathu chinali ku Peckham, mu holo ya pamwamba pa shopu yolukira tsitsi, ulendo wa sitima ziwiri ndi basi. M'makwerero mwake munkamveka fungo la nsomba zouma za shopu yoyandikana nayo. Kumeneko n'kumene amayi ankaseka mokweza, kulankhula Chichewa tsiku lonse, ndi kuitanidwa kuti amake Tadala. Kwaya ankayendetsa Mayi Mbewe, obadwira pa famu ina ku Zimbabwe kwa makolo ochokera ku Dedza, mayi aatali amene ankatha kuloza mwana wophonya liwu pakati pa ana makumi awiri.

Loweruka lina tikuyeserera, ndinakoka liwu lomaliza la ndime yanga mpaka ana anzanga anayamba kuseka. Mayi Mbewe anaomba m'manja n'kufunsa amene anandiphunzitsa kupuma chotero. Ndinanyada. Ndinawauza za Anti Hansa, za limba, za mwala, ndipo osafunsidwa ndinawaimbira nyimbo ya kumtsinje yonse. Nditamaliza, Mayi Mbewe anatseka buku lawo la nyimbo n'kutiuza kuti tiweruke.

Mawa lake, mapemphero atatha, anatiitanira m'kachipinda kosungiramo mipando, ine ndi amayi. Sanakalipe. Analankhula mofatsa, ndipo ndikhulupirira kuti ankandiopera zenizeni. Anati pakamwa pamodzi sipangaimbire Ambuye ndi mafano. Anati Lamulungu lotsatira ndidzaime patsogolo pa mpingo n'kunena kuti ndinagwadira fano, ndalapa, ndipo akulu akadzandipempherera ndime yanga idzakhala yanga ndithu.

Masiku amenewo ndinkamva Chichewa chonse koma ndinkayankha m'Chingelezi, ndipo akuluakulu anali atazolowera. Tsiku limenelo mawu anatuluka okha.

"Sindinagwade."

"Tadala, unavula nsapato?"

"Eya."

"Unaimba? Unadya zimene anaika pa mwalapo?"

"Eya. Koma sindinagwade."

Anati ndi chimodzimodzi. Ine ndinati si chimodzimodzi, chifukwa mawondo ndi anga ndipo ndikudziwa pamene anali. Amayi ananditsina pamkono mpaka misozi inalengeza, koma sindinabweze mawu. Mayi Mbewe anatembenukira kwa iwo. "Amake Tadala, mwanayu mukalankhule naye. Muli ndi sabata imodzi."

Ulendo wonse wobwerera amayi anakhala moyang'ana pawindo la sitima, chikwama pamiyendo, manja onse awiri atachigwira. Titafika sananditumenso kukapereka moni pansi monga mwa masiku onse. Lolemba ndinatsikabe kwa Anti Hansa, popeza panalibe kwina kondisiya. Lachitatu ndinamva amayi pafoni akupempha mnzawo wa kuntchito kuti asinthane shifiti.

Lachinayi anatsika nafe atavala diresi lawo la kutchalitchi ndi duku loyera, Baibulo lili m'chikwama. Anakoka okha kangolo ka limba. Pachipata cha kadimba anaima. Nsapato sanavule ndipo sanalowe. Anti Hansa, atakhala kale pa mpando wawo wopinda, anawakodola ndi dzanja.

"Esinati, iwe, bwera ukhale. Waima ngati wapolisi."

"Ine ndine mayi wa mwana," anatero amayi, ndipo mawu awo anamveka mpaka pa maboti. "Pano si pa sitolo ya bambo anu. Muziti inu."

Okalamba ena aja sankamva Chichewa, koma onse anasiya zimene ankachita. Anti Hansa anayang'ana amayi nthawi yaitali, nsagwada zikuyenda ngati akutafuna kanthu.

"Chichewa chimenecho palibe anandiphunzitsa," anang'ung'udza.

"Muphunzira lero."

Ndege inadutsa, ndipo tonse tinadikira kuti phokoso lithe. Kenako Anti Hansa anati, "Bwerani," mokhadzula ngati akulavula njere. Amayi anagwedeza mutu kuti amva, koma anakhalabe pachipata pomwepo.

Anaona zonse ali pamenepo. Anaona maluwa, utsi, zipumi zikugunda pansi, ndi ine nditaima pambali. Limba litayamba ndinazengereza. Ndinayang'ana amayi, iwo n'kundiyang'ana, nkhope yawo yosasonyeza kuloleza kapena kuletsa. Ndinaganiza kuti ndikakhala chete adzaona ngati ndavomera kuti ndinalakwa. Ndinakoka mpweya kuchokera m'mimba n'kuvomera nyimboyo mokweza kuposa masiku onse, maso anga ali pa iwo mpaka kumapeto. Titamaliza amayi anafunsa Anti Hansa tanthauzo la mawu ake. Anawayankha kuti ndi munthu amene akuuza Mulungu kuti abale amutaya, ndiye Iye asamutaye. Mbale ya maswiti itandifika, amayi anangoti, "Tadala," ndipo ndinabweza dzanja. Kuyambira tsiku limenelo sindinawalawenso.

Lamulungu amayi anandigwira dzanja n'kupita nane kwa Mayi Mbewe mapemphero asanayambe, pakhomo penipeni anthu akulowa.

"Ndapitako ndekha, ndaona," anatero. "Zimene anachita wavomera, ndipo za maswiti ndamuletsa. Koma kugwada sanagwade. Mwana wanga sadzaima pamaso pa Mulungu n'kunena bodza kuti apatsidwe nyimbo."

Ndime yanga Mayi Mbewe anaipereka kwa Memory, mtsikana wa mawu abwino amene analibe mlandu uliwonse, ngakhale ndinamuda mpaka Khirisimasi. Anandichotsanso mu kwaya. Tsiku la msonkhano holo inadzaza, mawindo anachita thukuta, ndipo ine ndinakhala pa mzere wa kumbuyo pafupi ndi amayi. Memory anaimba bwino. Koma mpingo wonse utalowa pa ndime yomaliza ndinaimirira nawo, ndipo ena onse atatha mpweya ine ndinali ndikadali pa liwu lomaliza lija, ndekha, kuchokera kumbuyo. Mitu inatembenuka. Amayi anandiponda phazi, koma anadikira kuti ndimalize kaye.

Sukulu inatsegulira, masamba anayamba kugwa, ndipo maulendo a Lachinayi anathera pomwepo. Chaka chotsatira mwana wa Anti Hansa anabwera ndi vani n'kuwatenga kupita nawo ku Leicester. Sitinaonanenso.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti tsiku lija amayi anaona zimene ine ndinkaona, kuti nyimboyo inawagwira mtima ndipo anakhala mbali yanga chifukwa anapeza kuti pamalopo panalibe choipa. Ndinkaganizanso kuti tinayamba kukhala kumbuyo m'tchalitchi chifukwa tinkachedwa. Ndinadzawafunsa ndili ndi ana anga kale, tikudutsa pa mlatho wa Thames pa basi. Anandiuza kuti chaka chonse chija anawaimitsa pa udindo wawo m'gulu la amayi, ndipo ena amene ankadya nawo mbale imodzi ankangowapatsa moni wa patali. Ndinafunsa ngati tsopano amavomereza kuti unali mwala chabe wokumbukira woimba.

"Ayi," anatero. "Lija ndi fano. Ndinanjenjemera nthawi yonse imene ndinaima pachipata paja."

Ndinafunsa chifukwa chimene sanandikakamize kulapa. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa.

"Unati sunagwade," anatero, n'kudina belu kuti titsike.