Si madzi a Mzuzu, ndi chivindikiro

Monire mose. Mitima pansi, galimoto ya malemu adada sinafe.

M'mawa ndimaperekeza amama ku sikelo ya shuga. Tikutuluka ku Masasa, kutsogolo kunangoti fuu nthunzi. Ndinati basi, injini yapsa. Amama anapitiriza pa takisi, ine ndinaitana a Mhango, makaniko wa ku Chibanja.

Atamasula pampu ya madzi, abale, timapiko take tinali timabowo tokhatokha ngati chimanga cha anankafumbwe! Ine ndinalankhula ngati adada: "Madzi a Mzuzu amadya chitsulo."

A Mhango anaseka chomene. Akuti si dzimbiri ayi. Chivindikiro cha rediyeta sichigwira mpweya, ndiye madzi amachita thovu m'pampu, thovulo likamaphulika limajeda chitsulo. "Komanso chivindikirochi n'cha thirakitala."

Nditawauza amama, anagwira pakamwa. Akuti nthawi ya chipani chimodzi, adada atangotumizidwa kuno ndi boma, anawanyamula ndi amayi anzawo kupita kokavina ku msonkhano. Galimoto inawira panjira, chivindikiro n'kugwera m'tchire. Kuchedwa kunali koopsa masiku amenewo, ndiye adada anapempha cha thirakitala, ati n'cha lero lokha.

Mapampu onse aja adada ankasintha, chifukwa chake n'chimenechi.

Injini ili bwinobwino, amama abwerako bwino. Tayika pampu ndi chivindikiro zatsopano.

Achimwene a Yotamu, paja munkati tiigulitse kwa ogula zitsulo. Mukuterobe? Nanga chivindikiro chakalechi nditaye? Amama achikulunga kale m'mpango, akuti, "Ichi ndiye bambo anu enieni."