Zingwe za Tenti ya Ababa

Ababa anali ndi tenti imodzi yobwereketsa pa maliro ndi pa maukwati, kuyambira kwathu ku Nsanama mpaka ku Liwonde. Tentiyo inali yakale, ya zigamba, koma zingwe zake ankazisamala kuposa ife ana awo, sindikunama. Mwambo ukatha, anthu akuthamangira matola, iwo ankakhala pansi n'kumakulunga chingwe chimodzichimodzi, kuchokera pa chala chachikulu kukazungulira pa chigongono, kenako n'kuchimanga pakati ndi kachidutswa ka chubu cha njinga. Malamba omangira tentiyo ankawapinda paokha. Ine zinkandinyansa. Iwe njala ikukupotokola m'mimba, munthu ali phee ndi zingwe.

Kenako anadwala. Dzanja lamanja linafa, lilime linalemera. Tenti inapita m'manja mwa achimwene anga aakulu, munthu waphuma, amene ankangokokolola zingwe zonse, zamatope zomwe, n'kuzikanikizira m'thumba la feteleza. Thumbalo likafika pakhomo, ababa ankaliloza ndi chibwano kuti tiwapatse. Ankaswera pakhonde, chingwe atachiponda ndi phazi, akumasula mfundo ndi dzanja lamanzere ndi mano. Ndikati ndiwathandize ankandikankha ndi phewa. Ntchito imene inawatsalira pakhomopo inali yokhayo, ndipo sankafuna kugawana ndi munthu.

Loweruka lina kunali ukwati ku Balaka. Galimoto ya eni ukwati inali itaima kale pamsewu, dalaivala akuliza hutala. Zingwe zonse zinali zitamasulidwa kupatula ziwiri zazitali za m'makona, zimene zinakolana n'kupanga mfundo imodzi youma gwa. Ababa anali atalimbana nayo kuyambira dzulo lake, mpaka nkhama zinkatuluka magazi.

"Ababa, bweretsani, anthu akudikira," anatero achimwene.

"Iyayi. Pang'ono," anayankha ababa, mawu akutuluka movutikira.

"Achimwene, apatseniko kanthawi, yatsala pang'ono kumasuka," ndinatero ine, chonsecho ndinkaona ndi maso angawa kuti mfundoyo sinasunthe.

Achimwene sanakalipe. Anagwada, anachotsa zingwezo m'dzanja la ababa mwaulemu ndithu, n'kuzula mpeni umene ankausomeka kudenga la khonde. Anadula uku ndi uku, analumikiza zidutswazo, ulendo. Ndikanawaletsa bwanji? Mkwatibwi sakanakhala padzuwa chifukwa cha mfundo. Koma mtima unandiwawa, ndipo mpaka lero umandiwawa.

Mfundo yodulidwayo inagwera pamiyendo pa ababa, yaikulu ngati ndimu. Anakhala nayo choncho mpaka tinawalowetsa m'nyumba.

Lolemba thumba linabwerera, zingwe zitapiringizana monga mwa masiku onse. Ndinalinyamula mwachangu, ndinakaliika pamapazi pawo, n'kuwapatsira nsonga ya chingwe m'dzanja.

"Ababa, ntchito yanu iyi. Ife zatikanika."

Sanachigwire chingwecho. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anakweza chibwano n'kundilozera kudenga, pamene panali mpeni uja.