Masamba Opanda Maliro

Makina anga osokera ali pakhonde la golosale ina m'mbali mwa msewu wa Mchinji, pakati pa Mpingu ndi Namitete. Telala maso ake amakhala pa singano, koma khutu limakhala pamsewu, choncho palibe chimachitika pamenepa ine osachimva. Kutsidya kwa msewu kuli sukulu ya pulayimale. Tsidya lino kuli ife ndi ana athu, ndipo pakati pathu pamadutsa malole opita ku Zambia, maminibasi ndi njinga zamoto, zonse zikuthamanga ngati kumbuyo kwayaka moto.

Mlongo wanga amakhala kuseri kwa golosaleyo. Mwamuna wake anapita ku Joni, foni yake n'kusiya kupezeka, ndiye anatsala ndi mwana mmodzi yekha, kamtsikana kamene nthawi imeneyo kanali mu sitandade 2. M'mawa ankaima nako m'mphepete mwa phula atakagwira dzanja, kudikira mpata. Koma iye ndi wa geni ya tomato, ndipo masiku a msika ankalawirira ku Namitete, mwanayo n'kuwoloka ndi anzake. Akamabwerako, dengu lisanatsike pamutu, funso lake loyamba kwa ine linali lakuti, "Achimwene, wawoloka?"

Tinapempha mahampu ochepetsa liwiro pamsewu mpaka pakamwa kuuma. Chimene chinabwera ndi chikwangwani. Anabwera nacho a bungwe lina la m'tauni loona za chitetezo cha pamsewu, chachikulu kuposa khoma la nyumba yanga, choima pa miyendo iwiri yachitsulo. Anajambulapo bambo wa tayi ali pachiwongolero, mayi wa mano oyera pambali pake ndi ana awiri a masaya onona kumbuyo, onse atamanga malamba, onse akuseka ngati galimotoyo aitola. Pansi analembapo kuti: LIWIRO LIMAPHA, KUNYUMBA AKUKUDIKIRANI. Ndinachiyang'ana bwinobwino kufunafuna munthu woyenda pansi, wonga ife amene galimoto zimatigunda, koma pachithunzipo panalibe ndi mmodzi yemwe.

Tsiku lochitsegulira alendo anachedwa. Ana asukulu anaimba mpaka mawu kusasa, dzuwa likuswa mtengo. Alendowo pofika anabwera ndi liwiro loti galimoto yotsogola inapitirira malo, n'kubwerera chafutambuyo. Bwana wamkulu analankhula za kuleza mtima pamsewu uku akuyang'ana wotchi. Anagawa matisheti ndi zipewa kwa madalaivala ndi akabaza, anajambulitsa, ananyamuka. Pobwerera anasiya mbuzi ya aneba anga ili chagada pafupi ndi mlatho, ndipo madzulo ake mabanja angapo anadyera nyama chifukwa cha chitetezo cha pamsewu.

Ndingakhale wabodza nditanena kuti chikwangwanicho sichinagwire ntchito. Chinagwira zedi. Chinali ndi mthunzi wabwino, ndiye amayi a nthochi anasamukira pansi pake, wowotcha chimanga anatsatira, wachipisi naye anabwera ndi chiwaya chake. Pamene pali anthu minibasi imaima, choncho panabadwa siteji, makondakitala n'kuitcha Pa Chikwangwani. Maminibasi anayamba kupikisana kuti afike msanga pamenepo, akapakire anthu mnzawo asanafike. Mwana akaima pamenepo kuti awoloke sankaonanso galimoto yochokera ku Mchinji, chifukwa kutsogolo kwake kunali minibasi yoima, utsi wa chipisi ndi madengu.

Ine ndinapezerapo ntchito. Matisheti onse aja anali a saizi ya abwana, ndiye madalaivala ankabwera nawo kuti ndiwachepetsere. Kumsana kwake kunalembedwa kuti CHEPETSANI LIWIRO. Dalaivala wina, wodziwika msewu wonse kuti mabuleki amawakumbukira pa Lamulungu pokha, ndinamufunsa ndikumuyesa.

"Kodi achimwene, mumawerenga zimene zalembedwa apazi?"

"Madala, zili kumsana, ine ndiziwerenga bwanji? Amenewo ndi malangizo a amene ndawapitirira."

Koma pali chinthu chimodzi chimene dalaivala wa kuno amachiopa, ndipo sichifuna penti kapena miyendo yachitsulo. Kwathu kuno zovuta zikagwa pafupi ndi msewu, amuna amathyola nthambi zamasamba n'kuziyala pamsewu, mulu kumtunda, mulu kumunsi, kuti wodutsa adziwe kuti pali maliro. Dalaivala wosamva za munthu, wosamva za mayi ake omubereka, akangoona masamba amenewo phazi limachoka lokha pa moto. Wailesi imatsitsidwa, chipewa chimavulidwa, kondakitala amalowetsa mutu m'kati. Wanjinga amatsika n'kuyamba kukankha. Amoyo sitiwerengedwa kanthu pamsewu, koma womwalira amapatsidwa ulemu wonse.

Mlongo wanga anaziona zimenezi pa maliro a mkulu wina wa kuseri kwa sukulu. Masiku amenewo ana ankawoloka akucheza, malole akuwadikira. Maliro atatha masamba anachotsedwa, msewu unayambiranso misala yake. Lolemba lotsatira ndinangoona mlongo wangayo akutuluka ndi chikwanje, n'kupita pa mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba yake.

Ankayala nthambizo ana akamapita kusukulu, belu likalira n'kuzichotsa, poweruka n'kuziyalanso. Masiku a msika ankayamba wayala kenako n'kunyamula dengu. Abale, ndinaona zodabwitsa. Dalaivala wa tisheti uja ankadutsa pang'onopang'ono ngati wanyamula mazira, chipewa chili pamiyendo, nkhope ili yachisoni. Tsiku lina anaima n'kundifunsa kuti, "Madala, kodi kuno kwagwa mliri? Tsiku ndi tsiku maliro!" Ndinangopukusa mutu n'kupitiriza kupalasa makina.

Vuto ndi lakuti masamba sawerengedwa ndi madalaivala okha. M'mawa wina kunatulukira amayi a kumpingo ochokera mudzi wa kuseri kwa dambo, mabeseni a ufa ndi nkhuni pamutu, nyimbo ya maliro atayamba kale. Anaima pakhonde panga n'kufunsa kuti, "Abambo, siwa ili kuti?" Nditawafotokozera, nyimbo inaduka pakati. Mayi wina amene anayamba kulira ali pa mlatho ndi amene anakwiya kuposa onse, chifukwa misozi yake inapita pachabe. Pofika masana nkhani inali kwa mkulu wa mpingo.

Mkulu wa mpingo wathuyo ndi mphunzitsi wopuma, munthu wa jekete ngakhale mu Okutobala. Si munthu woipa. Ndi iye amene anathokoza alendo tsiku la chikwangwani, ndipo chipewa chimene anamupatsa ankachivala pamwamba pa imvi zake kulikonse kupatula m'tchalitchi. Anamuitanitsa mlongo wanga, ine ndinamuperekeza. Tinakhala pakhonde pake, iye pampando, ife pamkeka.

"Mayi," anayamba motero mkuluyo, "masamba ndi a maliro. Kuwayala popanda maliro ndi kuitana imfa pamudzi. Komanso ndi bodza, ndipo bodza ndi tchimo, kaya lanenedwa pakamwa kaya layalidwa pamsewu."

"Abambo," anayankha mlongo wanga, "ndiye mukuti ndidikire mwana agundidwe kaye, kenako masamba ndiyale?"

"Musayankhe mwamwano, mayi. Anthu ophunzira anatiikira chikwangwani. Chathu ndi kuwapempherera madalaivala kuti aziwerenga."

Ndinafuna kuwauza za dalaivala wa malangizo a kumsana, koma mlongo wanga anandigwira mkono. Mkuluyo anamaliza ndi mawu awiri. Akabwerezanso, amuimitsa mgonero. Ndipo tsiku limene zovuta zenizeni zidzagwe pakhomo pake, asadzadabwe anthu akadzaona masamba n'kukhala m'nyumba zawo. Za mgonero mlongo wanga akanapirira. Koma mkazi wopanda mwamuna pakhomo, kumuuza kuti maliro ako adzakhala opanda anthu, ndiye kuti wamudula miyendo. Chikwanje chinabwerera kuseri kwa chitseko, ndipo ine ndinapita kunyumba mtima ukuwira.

Zinachitika tsiku la msika, ine ndikupinda yunifolomu ya mwana wa munthu wina. Ndinamva matayala akulira, kenako kukuwa kwa amayi a nthochi. Minibasi ina inali itaima Pa Chikwangwani ikupakira, ina inabwera kumbuyo n'kuipitirira kuti ikapeze anthu a siteji yotsatira, ndipo mwana wa mlongo wanga anatulukira kutsogolo kwa yoimayo. Ndinamupeza ali pa phula, chikwama cha mabuku chili uko, mwendo utapindika pamalo pamene mwendo supindika. Sanalire. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Atsibweni, amayi akandikalipira." Dalaivala anaima pambali manja ali kumutu, atavala tisheti ija, ndipo msoko wa m'mbali mwake ndinauzindikira kuti ndi wanga.

Mwanayo anapulumuka. Anagona kuchipatala nthawi yaitali, mwendo uli m'chikhakha, geni ya mayi ake n'kufera pomwepo. Mkulu wa mpingo anabwera kudzapemphera, ndipo anathokoza Mulungu kuti pamudzi sipanagwe maliro. Tonse tinati ameni kupatula mlongo wanga, amene ankangoyang'ana pawindo. Mwanayo anatuluka akutsimphina, mwendo wina utafupikirapo, ndipo akutsimphinabe mpaka lero. Ndikamamusokera diresi ndimapinda mbali imodzi mosiyana ndi inzake kuti isaoneke yopendekeka, ndipo nthawi zonse ndimatukwana chamumtima.

A bungwe aja anabweranso, ndisaiwale. Anamva za ngoziyo, ndiye anabwera ndi makwerero n'kupentanso chikwangwanicho, chifukwa dzuwa linali litafufuta mano a mayi wa pachithunzi uja.

Chaka cha sukulu chotsatira, mwana wamkazi wa mkulu wa mpingo uja, amene amagwira ntchito m'tauni, anabweretsa mwana wake kuti azikhala ndi agogo ake. Kamdzukuluko kanayamba sitandade 1 pasukulu yomweyi, ndipo nyumba ya mkuluyo ili tsidya lino ngati yathu. Sabata yoyamba ndinkamuona mkuluyo ataima m'mphepete mwa phula, atakagwira dzanja, akukweza ndodo yake kwa malole ngati mmene ankachitira ndi ana m'kalasi. Malole sanaphunzirepo kwa iye, ankangomupemerera fumbi.

M'mawa wina ndinalawirira chifukwa ndinali ndi madiresi a ukwati. Ndikutulutsa makina, ndinaona munthu wa jekete akukoka nthambi ya mango kulowa nayo pamsewu. Anaiyala bwinobwino, n'kubwerera kukatenga ina.

"Mwadzuka bwanji, abambo?" ndinamupatsa moni. "Kodi kwagwa zovuta?"

Anadzidzimuka ngati ndamupeza m'munda mwa eni. "Ayi, ayi. Ndimangosadza mtengo. Nthambizi zangogwera kuno."

"Zagwa mwaulemu, eti? Mulu kumtunda, mulu kumunsi."

Anakonza chipewa chake n'kubwerera kwawo, ine n'kuthamangira kuseri kwa golosale kukamuuza mlongo wanga. Ndinkayembekezera kuti atukwana, kapena aseka. Sanachite chilichonse mwa zimenezi. Anapita kukaona masambawo ndi maso ake, anabwerera, anamanga chitenje chakuda ndi mpango kumutu, anathira ufa m'beseni. Mwana wake, amene anali atavala kale yunifolomu, anamusenzetsa kamtolo ka nkhuni. Madiresi a ukwati ndinawasiya pamakina, ndinawatsatira.

Tinapeza mkuluyo ali pampando wake uja pakhonde, kamdzukulu kakumaliza phala pambali pake. Mlongo wanga anatula beseni, anagwada pansi pa masitepe, manja pamodzi, mawu otsika monga tichitira pasiwa.

"Pepani abambo, tamva mochedwa. Tangoona masamba. Watisiya ndani?"

Maso a mkuluyo anapita kwa mtsikana amene anaima ndi nkhuni pamutu, thupi litapendekera mbali imodzi, anatsika mpaka pa mwendo uja, n'kukhala pomwepo. Kenako anavula chipewa chija n'kuchiika pansi. Ndinabwera kudzaseka, koma kuseka kunandithera, ndipo ndinamva chisoni pa tonse amene tinali pakhondepo.

"Ufawu landirani, sindibwerera nawo," anatero mlongo wanga. "Koma mawa mukamasadza mtengo wanuwo, nthambi za mbali ya ku Mchinji muzikagwetsera patali, kupitirira chikwangwani. Pamene mwaikapo dalaivala amaziona atafika kale pa ana."

Anadzuka, anasasa chitenje m'mawondo, n'kuuza mwana wake kuti atule nkhunizo, amugwire dzanja mnzakeyo, belu latsala pang'ono kulira. Tinaima tonse atatu pakhondepo kuwayang'ana. Anawoloka pang'onopang'ono, chifukwa mwana wa mlongo wanga sathanso kuthamanga, ndipo lole ya ku Zambia inaima pa masamba paja n'kuwadikira mpaka anafika kutsidya.