Buluu m'Malaya Oyera a Atate

Lero kuntchito ndalemba pulogalamu yowerenga kuchuluka kwa buluu mu mtundu uliwonse wa pa kompyuta. Nditaipatsa mtundu woyera, yayankha kuti 255, nambala yomalizira, buluu wodzaza tho. Ndangoti kakasi, fungo la sopo wochapira wa kwathu ku Mfuwe litandibwerera m'mphuno.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Atate ankaperekera zakudya kwa alendo paloji, ndipo malaya oyera anali nawo amodzi okha. Amayi akamawachapa, ankamanga kachibulumwa ka buluu m'kansanza n'kukaviika kamodzi m'madzi otsukuluzira. Nditafunsa chifukwa chake anati, "Buluu ndiye amayeretsa."

Tsiku lina amayi atapita kuchigayo, ndinafuna kuti malaya a atate ayere kuposa a anzawo onse. Ndinaphwanyira buluu yense m'beseni, ndinawanyika nthawi yaitali, kenako ndinawayanika.

Masana atate anabwera kudzavala. Anawachotsa pachingwe ndi zala ziwiri, malayawo ali abuluu ngati yunifolomu yanga yakusukulu.

"Ndege ifika ma two. Alendo ndikawalandira nditavala chiyani?"

"Koma amayi anati buluu amayeretsa," ndinatero.

Amayi anali atangofika kumene. Anatula ufa pansi. "Amayeretsa, inde."

"Nanga bwanji sanayere? Ndaikatu wambiri."

Atate anayang'ana kumwamba, kumene ndege inali itayamba kale kumveka. Ine ndinayang'ana zikhatho zanga zabuluu, ndikuganiza kuti mwina ndinaika wochepa.