Chingwe cha Nsomba Panyumba ya Maliro

Ntchito ya kwa Ba Sakala ndinaipeza kudzera mwa Ba Zulu, amene amawotcherera mageti m'mbali mwa msewu kwathu ku Kalingalinga. Masiku amenewo ndinkaweta tinsomba tokongoletsa m'nyumba m'timadamu tasimenti kuseri kwa nyumba ya lendi, n'kumatigulitsa m'mabotolo pafupi ndi Ba Zuluwo. Tsiku lina kunabwera bambo wa imvi kudzapangitsa miyendo yachitsulo yoikapo thanki yagalasi, ndipo anafunsa ngati kuli munthu wodziwa nsomba. Ba Zulu anangondiloza ndi chibwano. "Uyo Daka apo. Nsomba zake sizifa olo muzitukane."

Bamboyo anali Ba Sakala, wopuma pantchito, wokhala ku Kabulonga, kumene ndinkafika wapansi. Poyamba ndinkasamala thanki yawo ya madzi wamba, ntchito imene ndikanaigwira ndili mtulo. Kenaka anandiitana n'kunena kuti, "Daka, manje nifuna nyanja yamchere mu sitingirumu." Ndinaseka. Ine ndimalankhula Chinyanja chibadwire, koma nyanja yamchere sindinaiwonepo ngakhale kumaloto. Anandilemba ntchito ya tsiku ndi tsiku, timadamu tanga ndinatisiya, ndipo eni nyumba sanachedwe kutigumula n'kumangapo chipinda china cha lendi. Kuyambira pamenepo ndinalibenso pobwerera.

Abale, madzi amchere si masewera. Nsomba zanga zakale ndinkazitungira madzi pampopi, agone usiku umodzi, basi. Apa madzi a m'chitsime cha pabwalo anali oletsedwa. Ankayamba adutsa m'makina osefa amene amatulutsa madontho ngati munthu woumira, kenaka n'kusakaniza ndi mchere wake wa m'chidebe, wochokera kunja, osati wa pamsika. Kuchuluka kwa mcherewo ndinkayeza ndi rifulakitomita, kachipangizo konga kathochi kamene umadonthezapo madzi n'kusuzumira. Madzi akaphwera m'thanki umathiramo osefa opanda mchere, chifukwa amene amauluka ndi madzi, mchere umatsala. Panali sikima, imene imachotsa zonyansa ngati thovu lonunkha, ndi timapampu toyendetsa madzi usana ndi usiku. Madzi osakaniza kale ndinkawasunga mu dilamu yabuluu m'galaja.

M'thankimo munali miyala ya m'nyanja, ndipo pamiyalapo panamera makorali, tizamoyo tooneka ngati maluwa, ena ofewa, ena olimba ngati nyanga. Munali kashirimpu, kachibale ka nkhanu, kofiira ka ndevu zazitali, ndi nsomba ziwiri zachikasu chofiirira za mizere yoyera, yaikazi yokulirapo ndi yaimuna. Popeza malaiti amangopitapita, Ba Sakala anagula inveta ndi mabatire za thanki yokhayo. "Vonse vingazime mu nyumba muno," ankatero, "koma aya manzi asaimilire." Zonsezi tinkazidziwa awiri basi, iwo ndi ine. Mayi a panyumba, Ba Mai Sakala, ankangoti ndi choseweretsa cha badala, kunena amuna awowo, ndipo sankachikhudza. Ndinkadziwa bwinobwino kuti tsiku limene thankiyo idzafe, ntchito yanga idzafera pomwepo.

Ba Sakala anagwa n'kumwalira mwadzidzidzi Loweruka lina m'mwezi wa Okutobala, ine kulibe. Uthenga unandipeza m'mawa mwake, ndipo ndinathamanga osasamba n'komwe. Ndinapeza tenti yaima kale, mipando yonse ya m'nyumba ili pabwalo monga timachitira pamaliro, abambo akhala panja, amayi akulira mkati. Ndinakhala pansi n'kulira nawo, pakuti munthuyo anali wabwino kwa ine. Koma maso anga anagwera pachinthu china. Pakati pa tenti panali chingwe choyera cha magetsi, chitadzaza mafoni, ndipo kumapeto kwake kunali sipika ya kwaya. Chingwecho ndinkachidziwa ngati dzanja langa.

Chinali chingwe cha mapampu a thanki ija. Malaiti anali atapita kuyambira dzulo lake, ndipo m'nyumba yonse soketi yamoyo inali imodzi, ya inveta. Ndinazungulira kukasuzumira pawindo. Thanki inawakanika kunyamula, ndiye anangoiphimba ndi chitenge monga anaphimbira galasi la pakhoma. Pampu zii. M'chipindamo munali amayi thithithi, kutentha ngati mu uvuni.

Ndinapita kwa Ba Yotamu, akulu awo a malemu, amene anafika kuchokera ku Katete ndipo ndiwo ankayendetsa zonse. Ndinagwada n'kulankhula chapansipansi kuti chingwe chija n'cha nsomba, zikakhala chonchi zifa lero lomwe. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Iwe, mng'ono wanga wagona kumotchale kuchipatala, iwe ukundiuza za nsomba? Unaleredwa ndi anthu?" Abambo onse anatembenuka. Ndinabwerera chammbuyo nkhope ili yotentha. Sindikanawatsutsa, chifukwa ankanena zoona. Mafoni aja ankaitanira abale akutali, osati masewera. Koma inenso ndinali ndi mkazi ndi ana ku Kalingalinga, ndipo chakudya chawo chinali kubanika kuseri kwa chitenge chija.

Kulowa ndekha sindikanatha. Mwamuna, wantchito wamba, kudumpha miyendo ya amayi olira kuti akaone nsomba? Akanandikoka makutu mpaka pageti. Ndinayendayenda kuseri kwa nyumba ngati nkhuku yofuna kuikira, ndikutukwana chamumtima, kutukwana malaiti, kutukwana nyanja imene sindinaiwonepo, kudzitukwana ndekha. Ndinapemphera pemphero lamanyazi: Ambuye, pamaliro pano ine ndikupempherera nsomba, mundikhululukire, koma ndimveni.

Pamenepo wina anandithira ufa kumutu. Anali Bana Chanda, mayi wachibemba wopemphera mpingo umodzi ndi a Sakala. Kuno ku Lusaka Abemba ndi ife a kum'mawa ndife achimbuya: maliro akakhala athu, iwo amagwira ntchito zonse, amatipaka ufa, amatinyoza mmene angafunire, ndipo palibe amene amaloledwa kukwiya. "Iwe wodya mbewa," anatero, "nkhope yaipa bwanji so? Mbewa zakuthawa?" Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ndinagwada pafumbi pomwepo. "Ba mbuya, napapata, chonde. Nsomba za badala zikufa mukati umo, na nchito yanga ifa nazo."

Anandiyang'ana pang'ono, kenaka anakwinya chitenge chake n'kulunjika kutenti. "Mwe bantu! Aba ba kum'mawa baziba chabe mbewa, nsomba sibaziba! Munthu wafa, manje mufuna kupaya na nsomba zake? Tizaika maliro angati?" Anazula mafoni onse n'kuwaunjika pamiyendo ya Ba Yotamu, nakulunga chingwe pamkono. Ba Yotamu anatsegula pakamwa, iye n'kuwathira ufa pachipumi. Abambo anaseka, ndipo Ba Yotamu anangopukusa mutu. Kenaka Bana Chanda anandigwira padzanja n'kundikokera pakhomo. Amayi ena atayamba kung'ung'udza, iye anavundukula chitenge chija pathanki n'kundimanga nacho m'chiuno. "Uyu lelo ni mukazi. Pali wina wokamba?"

Zimene ndinaona, amayi ine! Madzi anali mbuu ngati otsukira mpunga. Kashirimpu kanali katafa, kali chagada pamchenga. Makorali olimba ankatuluka mamina, nyama yake ikusupuka. Nsomba yaimuna inagona chammbali, yaikazi ili pamwamba kukamwa yasayasa. Ndinalumikiza mapampu ndi sikima, n'kuvuula kashirimpu ndi makorali amene anali atayamba kununkha. Chofunika tsopano chinali kuchotsa madzi oipawo n'kuthiramo atsopano. Ndinathamangira kugalaja, chitenge chikundikola miyendo.

Dilamu panalibe. Ndinaipeza kuseri, pamene amayi ankaphikira, itadzaza madzi a m'chitsime. "Aja manzi tinataya," anatero mayi wina akuwaza kabichi. "Yanali oipa, amchere okhaokha. Tatsuka bwino na sopo." Ananena monyadira, ngati wandithandiza.  Ndinangokhala pansi pambali pa dilamuyo.

Chotsala chinali kupempha madontho. Ndinatsegula makina osefa n'kutchera chidebe choyera, ndipo pamene ankadontha ndinabwerera mkati ndi jagi. Ndinkatunga madzi a m'thanki n'kuwatsanulira momwemo kuchokera pamwamba kuti alowe mpweya, kutunga, kutsanula, mpaka phewa linachita dzanzi. Bana Chanda anapita kwa aneba okhala ndi magetsi a sola n'kubwera ndi mabotolo a madzi oundana, ndipo ndinawayandamitsa otsekatseka kuti kutentha kutsike. Chidebe chikafika pakati ndinkasakaniza mchere, kuyeza, kudikira kuti usungunuke, n'kusintha pang'onopang'ono. Mwa lamulo madzi otere amayenera kugona kaye, koma ine ndinalibe mawa. Amayi ankaimba nyimbo za maliro mondizungulira, ine ndili chogwada m'chitenge, ufa kumutu, misozi ikutsika. Mayi wina anandisisita pamsana n'kunena kuti, "Anawakonda abwana ake mwana uyu." Sindinadziwe ngati ndikulirira iwo kapena ndikudzilirira ndekha.

Yaimuna inafa dzuwa lisanalowe. Makorali olimba onse anasanduka oyera ngati mafupa m'masiku otsatira. Anatsala ofewa ochepa, ndi nsomba yaikazi ija.

Maliro atatha, abale atabalalika, Ba Mai Sakala anandiitana m'chipinda chija. Ndinalowa nditakonzeka kumva kuti ntchito yatha, pakuti ndani angalipire munthu wosamala miyala? Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana m'thankimo. "Yasala imodzi chabe?" anafunsa. Ndinati inde, yaikazi. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenge. "Nionetseni vamene imadya. Mailo mubwere."

Mawa lakelo ndinabweradi. Ndinagwirabe ntchito pamenepo, ndipo lero ndimasamalanso mathanki a m'nyumba zina. Ndikafika panyumba yatsopano sindiyambira kuyeza mchere. Ndimapempha mayi a panyumba, wantchito wa m'nyumba ndi wa pageti kuti abwere, n'kuwaonetsa chingwe ndi dilamu. Ndimawauza kuti ichi musazule ndipo awa musataye, ngakhale pakhomo pano patagwa maliro. Ambiri amakwiya. "Ba Daka, mutilosera imfa?" Ndimapepesa, koma sindichoka mpaka aliyense atachigwira chingwecho ndi dzanja lake.