Batire la zogwirira ziwiri

Bambo Dunstan Kaliwo ndimagwira nawo ntchito pa weyahausi ina kuno ku Corby. Iwo amayendetsa fokolifiti, kagalimoto kamagetsi konyamulira katundu, ine ndimamata makatoni. Kwawo ndi ku Ntcheu, zaka zinapitirira sikisite, ndipo mukawapatsa moni amayankha ngati mawu ndi ogula.

Ali ndi kaboti pa mtsinje wa Nene. Munthu wa kumapiri, amene madzi ankangowadziwa a pamjigo, anadzaphunzirira kuwedza ku Mangalande. Kuwedza kwakenso ndi kwa kuno: kugwira nsomba, kuijambula, n'kuibweza m'madzi. Ine zimenezi zimandidwalitsa mutu, koma ndinatopa n'kuwanena.

Atangogula botilo anachita zomwe aliyense wa ife akanachita. Anazula batire m'galimoto yakutha n'kulumikizapo zonse: injini, kamakina koonetsa pomwe pali nsomba, ndi kainjini kena kamagetsi koyenda mwakachetechete. Kwathu batire la galimoto linkaliza wailesi mwezi wathunthu, nanga apa likanakanika chiyani? Linafera pakati pa mtsinje. Akazi awo, mayi Lois, anapalasa ndi chivindikiro cha ndowa mpaka kumtunda, akuwalalatira njira yonse. Nkhani imeneyi ndi yokhayo imene bambowa amaifotokoza akuseka.

Pamenepo m'pamene anadziwa kuti boti limafuna mabatire awiri: laling'ono lolizira injini basi, ndi lalikulu lotulutsa moto pang'onopang'ono tsiku lonse. Lalikululo linali chimwala chenicheni, makilo sate, zogwirira ziwiri. Ankalinyamula ndi mayi Lois, wina uku wina uku, kutsetsereka nalo kuchoka pagalimoto mpaka pamadzi.

Mayi Lois anamwalira zaka zitatu zapitazo. M'nyumba munatsala iwo ndi wailesi. Mwana ali naye mmodzi, Chiletso, namwino ku Leicester, wapabanja pake, wotanganidwa koopsa. Tsono bambo wa kwathu sangaimbire mwana foni n'kumuuza kuti ndakusowa. Pakamwa sipalola. Chomwe amatha ndi kutuma. Choncho Lachisanu ankaimba: "Chile, mawa ubwere udzandigwirire batire."

Ankabwera, kawiri pa mwezi. Ndipo popeza batirelo linkafunika kulikwezanso pobwerera, sakanachoka. Ankakhala m'botimo tsiku lonse atadzikulunga jekete, akusimba za kuwodi m'Chingerezi, bambo ake akuyankha m'Chichewa. Lolemba lake Bambo Dunstan ankafika ku shifiti akuimba mluzu.

Chaka chatha batirelo linayamba kufooka. Ndinawaperekeza ku sitolo ya mabatire ku Leicester. Wogulitsa, bambo wina wansangala dzina lake Aadil, anatiikira awiri patebulo. Lina linali ngati lakale lija. Linalo linali la lifiyamu, lopepuka ngati paketi ya shuga, lokhalitsa zaka zambiri.

"Tengani ili," anatero Aadil. "Mudzinyamula ndi dzanja limodzi, osavutitsanso munthu."

Bambo Dunstan analinyamula, n'kulibweza msanga ngati lawaotcha.

"Ndipatseni lolemeralo."

Aadil anayamba kuwafotokozera za msana ndi ukalamba. Inenso ndinalowererapo, mbuzi ine. "Akulu, mukuumira chiyani? Ovataimu yonse ija mukupanga?"

Anandiyang'ana kamodzi kokha. Tili m'galimoto, titadutsa kale Market Harborough, m'pamene anati, "Lopepukalo ndidzamuitanira chiyani mwana?" Ndinachita manyazi mpaka kufika ku Corby.

Koma Chiletso si wopusa, ndiponso ndi namwino. Ataona chimwala chatsopano anakalipa. Iye anaganiza kuti bambo ake akungoumira, ndipo tsiku lina adzathyoka msana pamatope paja. Pa tsiku lawo lobadwa anafika ndi katoni yokulungidwa bwino. Ndinalipo, keke ndinadya nawo. M'katimo munali batire la lifiyamu, lapamwamba kuposa lomwe tinaona lija.

"Tsopano simudzidikiranso ine, Dadi," anatero, nkhope ikuwala. "Mutha kupita tsiku lililonse lomwe mwafuna."

Bambo ake anayamika monga amayamikira akuluakulu, manja awiri, mutu pansi. Lolemera lija Chiletso analikweza m'galimoto yake ndi mwamuna wake, akuti akalibweze.

Bambo Dunstan ndinawapeza pa nthawi yopuma sabata yotsatira, akumwa tiyi okhaokha pafupi ndi zitseko zopakirira katundu.

"Bwanji osangomuuza zoona?"

"Mwana wandigulira chinthu chabwino," anatero. "Ndimuuze kuti chiyani?"

Ndikunena pano papita miyezi inayi. Chiletso amaimba Lamlungu lililonse, sindingamunamizire, koma ku mtsinje sanapondeko. Loweruka wayamba kutenga mashifiti owonjezera, poti bambo ake tsopano ali pabwino. Ine Loweruka ndimagwira ntchito, komanso madzi ndimawaopa, ndiye musandifunse.

Bambo Dunstan anayesapo kamodzi. Munthu amene amatchaja fokolifiti tsiku ndi tsiku kwa zaka khumi ndi zisanu anaimba foni Lachisanu n'kunena kuti katchajidwe ka batire latsopanoli kakuwasokoneza, mwina Chiletso atabwera adzawaonetse. Pasanathe mphindi zisanu foni inalira. Chiletso anali atawatumizira vidiyo, ndi kamtima kofiira pansi pake.

Anaionera yonse mpaka kumapeto, n'kumulembera kuti zikomo mwanangu, ndamva.