Diso la Apongozi

Bwana wa esiteti yathu anali mzungu wa zachilendo. Akuti asanabwere ku Thyolo anagwirapo ntchito m'sitima za pamadzi, ndipo kumaiko a kum'mawa anakatolako masewera omenyana ndi nsungwi. Nsungwiyo ankaing'amba panayi n'kuimanganso ndi zingwe zachikopa. Pomenya panali patatu basi: pamutu, padzanja ndi m'nthiti. Pomenya uzikuwa, pomaliza uweramire mnzako. Kwa iye anali masewera. Ife tinalibe poseka, chifukwa analamula kuti mlonda aliyense azilowa mayeso a nsungwiyo chaka ndi chaka, ndipo wolephera azitula ntchito pamodzi ndi nyumba yomwe.

Apongozi anga aamuna anali mlonda wakale pamenepo. Ine ndinali mkamwini chabe, wodulira tiyi, ndipo tonse tinkakhala m'nyumba yawo ya ulonda: iwowo, apongozi aakazi, mkazi wanga amene anali woyembekezera, ndi ine. Kwathu kwa Apwitikizi tinachokako chothawa, kobwerera kunalibe. Chaka chimenecho dzanja la apongozi linayamba kunjenjemera, moti ndi madzi omwe ankawatayikira m'chikho. Aliyense ankaona kuti mayeso sakhoza, koma panalibe wonena.

Ine ndi iwo sitinkacheza. Akafuna kanthu ankatuma mwana wawo, tikakumana panjira ndinkapatuka n'kunjuta. Nkhope yawo sindinkaidziwa bwino, ndinkawazindikira ndi mapazi. Ndiye Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi anandiitana okha kuseri kwa mabulugamu, nsungwi ziwiri zili m'manja.

"Akamwini, chaka chino mulowa ndinu," anatero. "Bwana wavomera. Mukakhoza, nyumba sitichokamo."

Tinayamba tsiku lomwelo. Madzulo aliwonse ndikaweruka kumunda tinkapita kumabulugamuko, kaya kuli chiperoni kaya kulibe. Anandiphunzitsa kukhwekhwereza mapazi osawanyamula, dothi lofiira lija likuterera. M'manja munatuluka matuza, anaphulika, n'kutulukanso ena. Kukuwa kunandivuta masiku angapo, poti kukuwira wamkulu n'chipongwe, koma ndinazolowera. Chimene chinandikanika ndi maso.

"Mukufuna chiyani pansipo, mwataya singano?" ankandifunsa, nsungwi itandipeza kale pamutu. "Munthu asanamenye amayamba waganiza, ndipo maganizowo amaonekera m'maso. Ndiyang'aneni."

"Sindingathe, bambo."

Ndinkapsa mtima kwambiri, osati ndi iwo ayi, koma ndi mzungu uja ndi nsungwi zakezo. Makolo anga anandilera kuti apongozi sayang'anidwa m'maso. Lero ndisiye mwambo chifukwa cha masewera a munthu wokhuta? Sabata ndi sabata mutu wanga unkangotupa, maso ali pansi.

Kutatsala masiku anayi, apongozi anaponya nsungwi yawo pansi. Sanakweze mawu. "Ndiye mwana wanga akachirire patchire chifukwa cha ulemu wanuwo?"

Ndinadzutsa mutu. Aka kanali koyamba kuwaona bwinobwino. Anali ndi chipsera pachipumi, nsidze zaimvi, ndi maso aang'ono ofiira ndi utsi. Anali otopa zedi. Tsiku limenelo ndinawagunda padzanja kawiri, ndipo anaseka, chinthu chimene ndinali ndisanachimvepo.

Mayeso anachitika m'mawa, pakapinga wa kutsogolo kwa khonde la bwana. Zipewa zotchinga kumaso zinalipo ziwiri, zamawaya, ndipo chimodzi chinali ndi waya woduka cha kumanzere. Alonda akale atatha, kapitawo anatanthauzira mawu a bwana: wofuna malo amenyane ndi mwini malowo, amugunde patatu ponse, ndipo akaoneka kuti akunyengererana achoke onse awiri. Ndinayang'ana apongozi, ndipo sanadabwe n'komwe. Ankadziwa kuyambira Lamulungu lija. Ndisanasunthe, anali atatola kale chipewa choduka wayacho n'kuchivala.

Padzanja sipanavute. M'nthiti ndinawapeza poyesa kachiwiri. Panatsala pamutu, ndipo pamenepo ndinayamba kuzungulirazungulira, mpaka bwana anagogoda mpando ndi ndodo yake. Apongozi anatsitsa nsungwi pang'ono, pang'ono kwambiri moti bwana sakanaona, n'kundiyang'ana. Nanenso ndinawayang'ana m'maso monga anandiphunzitsira, ndinakuwa, n'kumenya ndi mphamvu zanga zonse. Chingwe cha kunsonga kwa nsungwi yanga chinaduka. Kachibanthu kamodzi ka nsungwi kanapatuka n'kulowa pomwe panaduka waya paja.

Sanagwe. Anabwerera m'mbuyo mapazi atatu monga mwa lamulo, anandiweramira, magazi akudontha m'chipewa kugwera pamalaya. Nanenso ndinawerama, nanga ndikanatani? Kapitawo analengeza kuti ndakhoza.

Tinawanyamula pamachira mpaka kuchipatala cha mishoni ku Makwasa. Madokotala anayesetsa, koma diso lawo lakumanzere silinapulumuke. Pobwerera apongozi sananene kanthu za nsungwi ija, anangondiuza kuti denga la nyumba likudontha cha kuchipinda, ndilikonze mvula isanabwere. Ndinalikonza, ndipo mwana wathu woyamba anabadwira m'chipinda chomwecho.

Anakhala nafe zaka zina zisanu ndi ziwiri. Chaka chilichonse ndinkalowa mayeso n'kukhoza, koma mtima unkandiwawa tsiku ndi tsiku, ndipo ukundiwawabe. Ndikamva mapazi awo ndinkapatuka msanga kuposa kale, mutu uli pansi, ndipo mpaka tsiku limene tinawaika m'manda sindinawayang'anenso kumaso. Amayi a pamzere wa nyumba zathu ankauza akamwini awo kuti azitengera ine, ati mkamwini waulemu ngati ameneyu sanamuonepo.